Kompyuta Yogawidwa pa Maliro

"Ndigobe chiyani tsono, Ntcheu kapena Dedza?" anafunsa Munyaradzi, wogoba miyala ya pamanda, uku akusasa fumbi m'manja.

Mwala wakuda unali utagona pa matayala awiri pabwalo la ntchito yake ku Gweru. Dzina linali litagobedwa kale, MALIKO KACHINGWE, ndi zaka zake, 1944 mpaka 2023. Pansi pake panatsala mzere umodzi wopanda kanthu, wa kwawo kwa malemuwo.

"Ntcheu," anatero Boston.

"Dedza," anatero Alefa, mlongo wake, mawu awo n'kugundana.

Munyaradzi anawayang'ana onse awiri, n'kuyankhula mosakaniza ndi Chishona. "Kano n'kachitatu mukubwera, vakuru. Mwala si bolodi ya kusukulu yoti ndikalakwitsa ndifufuta. Pofika Lachisanu mundiuze chimodzi, apo ayi mwambo wanu wovundukula mukachitira pa mwala wosamaliza."

Atatuluka pageti, Alefa anaima pakati pa njira, n'kuitana achimwene akewo m'Chishona. "Mukoma, ndikuuzeni lero lomwe. Mukagobetsa Ntcheu, ine ku mwamboko simundiona, ndi ana anga omwe. Sindingakaimbire nyimbo bodza lolembedwa pamutu pa bambo anga."

"Bodza? Anandiuza okha, ine ndi makutu angawa!"

"Nanga ine anandiuza ndani, mbuzi?"

Boston ankakumbukira bwinobwino bambo ake atakhala pakhonde ku Mandava akunena kuti kwawo ndi ku Ntcheu. Koma Alefa naye sanali munthu wopeka nkhani. Chitupa cha malemu sichinathandize, chinkangonena kuti anabadwira ku Nyasaland, basi. Okalamba onse amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi nthawi imeneyo anali atatha. Mwadzidzidzi Boston anakumbukira mawu amene a Maliko ananena ali m'chipatala, tsiku lina akukana phala.

"Sisi, paja bambo anati chiyani? 'Za mwala wanga ndinalemba m'makina.' Sanatero kodi?"

"Anatero. Ndiye makinawo ali kuti?"

Apa ndi pamene panali vuto. A Maliko anali kalaliki pa mgodi, ndipo ofesi yawo itagulitsa katundu wakale mu 2003 anagulako kompyuta. Ankailemba ndi zala ziwiri, magalasi ali pamphuno, kufikira maso atayamba kuwavuta, n'kuiphimba ndi nsalu pakona. Maliro atatha, ntchito yogawa katundu wa malemu inagwera a Ernestina, mnzawo wakale wa banjalo amene kuno amamutcha sahwira. Gogo ameneyu sankafuna kuti wina apite chimanjamanja. Atafika pakona ija sanaone chinthu chimodzi, anaona zinthu zinayi. Sikirini, chimutu chachikulu chija, anapatsa Alefa, amvekere, "Mwana wamkazi atenge TV." Kiyibodi anapatsa Boston poti mwana wachisamba ayenera kusunga cholembera cha bambo ake. Bokosi lenilenilo linapita kwa Gadi, msuweni wawo wa ku Shurugwi, ndipo mausi anapatsidwa abusa kuti nawo asadandaule. Tsiku limenelo palibe anatsutsa. Ndani angatsutse sahwira anthu akulira?

M'mawa mwake Boston anakwera kombi, minibasi ya kuno, kuchokera ku Mandava kupita kwa Gadi ku Shurugwi, kiyibodi ili m'chikwama cha pulasitiki. Pa mapiri a Boterekwa, pamene msewu umakhotakhota mpaka m'mimba kutembenuka, mayi wina amene anakhala naye pafupi anasuzumira m'chikwamamo n'kumufunsa ngati akupita kukaimba kutchalitchi.

Gadi anamupeza kuseri kwa nyumba akutsuka dothi m'beseni. Anali mmodzi wa makorokoza, anthu okumba golide paokha m'maenje a m'mapiri, ndipo pabwalo pake panali matumba, migolo ndi zitsulo zosadziwika ntchito yake. Anali atakhala pa bokosi lotuwa.

"Msuweni, dzuka," anatero Boston. "Wakhalira bambo anga."

Gadi anasuzumira pakati pa miyendo yake n'kuseka. "Mpando wabwino zedi uwu, sugwedera. Amalume anandisiyira chinthu chothandiza."

Boston anafotokoza za mwala, za Lachisanu, za Alefa. Gadi anapukusa mutu monamizira chisoni.

"Katundu wa malemu akagawidwa sabwerera, iwe ukudziwa. A Ernestina akamva undiyankhira?"

"Sindikulanda. Ndikubwereka."

"Ndiye bwereka mwaulemu. Omba m'manja."

Boston, bambo wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, ananjuta pansi m'matope a golide n'kuombera m'manja msuweni wake wamng'ono. Gadi anaseka mpaka kutsokomola, kenako anamunyamulira bokosilo mpaka pamsewu. Pokweza m'kombi anati, "Koma likakana kuyaka usandinene ine." Boston sanawalabadire mawuwo.

Ku Mambo, dera la mu Gweru komwe Alefa ankakhala, kunali mtsikana wina dzina lake Vongai amene ankakonza mafoni ndi malaputopu m'kakontena pafupi ndi msika. Boston anafika atasenza bokosi paphewa. Posakhalitsa anatulukira Alefa akukankha wilibala, chisikirini chitakulungidwa m'bulangete ngati wodwala, thukuta lili kamukamu.

"Maiwe, mhamha, mwavutikiranji?" anatero Vongai, Chishona ndi Chichewa zikusakanikirana m'kamwa mwake. "Sikirini ndili nayo pano. Imeneyo siikufunika."

"Siikufunika? Nanga zolembazo si zili m'menemu? Ndinkawaona ndi maso anga akulemba, mawu akutuluka apa!"

"Imeneyo ndi windo chabe, mhamha. Katundu ali m'bokosimu."

Alefa anakhala pa mpini wa wilibala. Chaka chathunthu wakhala akuipukuta sikiriniyo Loweruka lililonse, poganiza kuti mawu a bambo ake ali m'kati.

Vongai anamasula bokosi. Munatuluka fumbi lofiira, mapiko a mphemvu ndi chisa cha mavu chouma. Anapemerera ndi kapampu, analumikiza mawaya, n'kudina batani. Fani inazungulira monyinyirika, kenako makinawo anayamba kulira, piii, piii, piii, osaleka, sikirini ili bii.

"Yafa?" anafunsa Boston.

"Ikanafa sikanalira. Ikudandaula kuti ilibe ramu." Analoza timipata tiwiri tatitali topanda kanthu. "Apa pamakhala timatabwa tobiriwira, tatitali ngati chipeso, tokhala ndi mano agolide m'mphepete. Wina anatizula. Popanda ito makina sangaganize chilichonse."

Boston anasuzumira m'bokosimo. "Ndiye kuti zimene analemba bambo zapita nato?"

"Ayi, sekuru," anatero Vongai, poti kuno bambo wachikulire amamutchula choncho. "Zolemba zimakhala mu disiki, kachitsulo aka. Disiki ndi sutikesi yosungira, ramu ndi tebulo loyalapo zinthu pogwira ntchito."

"Tsono tsegulani sutikesiyo, tebulo tilibe nalo ntchito."

"Sizitheka choncho. Disiki yanuyi ndi yamakedzana, ya lamba wotambalala. Chingwe choilumikizira ku laputopu yanga ndilibe, ndipo Gweru yense sindikudziwa amene ali nacho. Kuitanitsa kungatenge masabata awiri. Njira yachidule ndi kudzutsa makina omwewa."

Boston anagwedeza mutu ngati wamva, koma m'mutu mwake sutikesi, tebulo, windo ndi chipeso zinali zitaunjikana pamodzi. Chimene anamvetsa n'chakuti panali mano agolide, ndipo bokosi linakhala chaka kwa munthu wa golide. Anaimba foni.

"Gadi, timatabwa ta m'kati muja tili kuti?"

Kunamveka kutsokomola. "Aa, tija? Ndinangofuna kuona ngati n'zoona zimene amanena anzanga. Ndinapala manowo, zotsalazo n'kuotcha. Koma msuweni, usadandaule, golide wake sanakwane ngakhale mutu wa machesi. Amalume anaberedwa."

Alefa analanda foniyo. Zimene ananena zinachititsa amayi ogulitsa tomato kutembenuka onse.

Pamene ankakalipa, Vongai anali akuwerenga kapepala komatidwa kumbali kwa bokosi. "Mwina tili ndi mwayi," anatero. "Malinga ndi apa, imafuna ramu ya mipata iwiri m'mano. Ndili nayo imodzi m'dirowa, yakhala zaka." Anaitulutsa, anaiika pamalo pake, n'kukankha. Inakana. Anaitembenuza, inakanabe. Anayatsa tochi ya foni n'kuyang'anitsitsa m'katimo kwa nthawi yaitali.

"Bambo anu anali munthu wotani?" anafunsa.

"Bwanji?"

"Kunja kukunena zina, m'kati muli zina. Bolodi ili, thabwa lalikulu lolumikiza zonseli, si lobadwa nalo. Onani, masikuluwa ndi osiyanasiyana, ndipo pakona apa anachita kumanga ndi waya wa kopa. Anasintha matumbo onse n'kusiya khungu lokha."

Boston anakumbukira chaka china bambo ake atakwera basi ya ku Bulawayo ndi bokosilo, akuti akupita nalo kuchipatala. Anabwerako akunyadira kuti tsopano likuthamanga ngati mnyamata. Panyumba palibe amene anafunsa kuti analichita chiyani.

Vongai anakopera nambala yolembedwa pabolodipo n'kuifufuza pafoni. "Likufuna ya mpata umodzi. Koma tamverani bwino, sekuru. Za mpata umodzi zilipo mitundu ingapo, ndipo mpatawo umasuntha pang'ono pokha. Mukabweretsa yolakwika siilowa, mukaikakamiza muthyola bolodi. Yathu ndi mtundu woyambirira."

"Ndiidziwa bwanji ine?"

Mtsikanayo anang'amba katoni ka tiyi, anakadula kutalika kofanana ndi malo a ramu, anakakanikiza pamenepo mpaka kanadindika, n'kudula kampata pamene panadindikapo. "Nayi sayizi yake. Iliyonse muziiyika pamwamba pa aka. Mpata ukagwirizana, tengani."

"Nditenga kuti? M'sitolo?"

"M'sitolo anasiya kugulitsa ine ndili ku pulayimale."

Foni ya Boston inalira. Anali Gadi, mawu atatsika. "Uwauze asisi asiye kunditukwana. Nditaona zija ndinagula thumba lonse la zoterozo kwa anyamata otola zitsulo. Theka sindinaotche, poti phindu lake palibe. Bwera udzasankhe."

Lachinayi m'mawa Boston analinso ku Shurugwi. Gadi anakhuthula thumba pa lata lakale. Munali mabolodi othyoka, mafoni akufa, ndi timatabwa tobiriwira tosawerengeka, tina topalidwa kale mano, tina tadzimbiri. Anakhala pansi awiriwo, katoni kali pakati. Kwa Boston tonse tinkaoneka tofanana. Akaika kamodzi pamwamba pa katoni, mpata unkagwirizana, akakatembenuza, sunkagwirizana, akatembenuza katoniko, unkagwirizananso.

"Katoni aka kutsogolo kwake n'kuti?" anafunsa.

"Ukundifunsa ine? Ine ndimadziwa kuotcha basi."

Katoniko kanali katanyowa ndi thukuta m'thumba la malaya, ndipo kampata kaja kanali katakula. Pofika masana Boston sankadziwanso ngati akusankha kapena akungotola. Anakulunga timatabwa khumi ndi kamodzi m'mpango n'kuthamangira kombi.

Vongai anatiyala patebulo. Tinayi anatikankhira pambali osatiyesa n'komwe. "Iti ndi ta laputopu, sekuru, simukuona kufupika?" Tiwiri tinakana kulowa. Kena kanalowa bwino, koma makina analirabe piii, piii. Kena chimodzimodzi. Alefa anali ataima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Mawa ndi Lachisanu, mukoma. Ingovomerani Dedza tizipita."

Vongai anatenga kena, anapukuta mano ake ndi labala ya pensulo mpaka anawala, n'kukakankha mpaka kanati kha. Anadina batani. Makina analira kamodzi kokha, pi, ndipo pa sikirini panatuluka zilembo zoyera.

"Yadzuka!" anakuwa Boston.

"Dikirani. Kabatire ka wotchi yake kanatha, ndiye ikufuna tidine batani kuti ipitirire." Anadina pa kiyibodi yake, koma palibe chinachitika. Anadinanso. "Aa, yanga siikuimva. Ikufuna yakale, ya pulagi yozungulira."

Boston anatsegula chikwama chake cha pulasitiki pang'onopang'ono, akuyang'ana mlongo wake. Masiku atatu wakhala akuyenda nayo popanda woifunsa. "Ena anapatsidwa windo," anatero. "Ena tinapatsidwa zofunika."

"Lumikizani, musatichedwetse," anatero Alefa.

Makinawo anatenga nthawi, akukukuta m'kati ngati mbewa ili m'nkhokwe. Kenako panaoneka timafoda, tonse tolembedwa ndi zilembo zazikulu: TCHALITCHI, MANKHWALA, MWALA WANGA. Vongai anatsegula komalizako n'kusuntha mpando wake kuti eni ake awerenge. Boston anavala magalasi n'kuyamba mokweza.

"2004. A Elifas a ku Maglas akuti bambo anga ankawadziwa, anali a ku Ntcheu. Pa mwala mulembe Ntcheu."

Anatembenuka, chala chili m'mwamba. "Wamva?"

"Pitirizani, pansipo pali zina."

Boston anapitiriza, mawu akuchepa mphamvu. "2009. A Elifas anasokoneza ndi Kachingwe wina. Mayi wina wa pa famu ku Kwekwe akuti nyimbo imene amayi ankandiimbira ndi ya ku Dedza. Mufufute Ntcheu, mulembe Dedza."

"Ehee!" Alefa anaomba m'manja kamodzi. "2009 ndi chaka chimene ndinabwerera pakhomo ukwati utavuta. Ndi pamene anandiuza!"

"Mhamha, sizinathe," anatero Vongai, n'kutsitsa tsambalo.

Alefa anawerama n'kuwerenga yekha. "2013. Dedza ndakayika. Ndakumana ndi bambo wa ku Tete, akuti nyimboyo kwawonso amaimba. Ndafunsa anthu khumi ndi anayi, aliyense akunena zake. Ana ndawauza zosiyana chifukwa amafunsa, ndipo ndinkachita manyazi kunena kuti sindikudziwa."

Anaima. Boston anamaliza mizere yotsalayo.

"Chimene ndikudziwa ndekha ndi ichi. Ndinabwera mu 1947 ndili kumsana kwa amayi, akutsatira bambo amene sanawapeze. Anayenda wapansi. Ndimakumbukira mkanda wofiira pakhosi pawo, ndinkauluma. Dzina lawo anali Enelesi. Maso akundivuta, ndidzapitiriza."

Pansi pake panalibenso kanthu. Vongai anatsitsa, anakweza, anatsegula mafoda ena onse. Munali mayina a mapiritsi ndi ndandanda ya olalikira.

"Ndiye kuti chiyani?" anafunsa Alefa. "Tilembe Tete?"

"Sananene Tete."

"Dedza anaikana, Ntcheu anaikana. Ndiye ife ndife a kuti? Ana anga ndakhala ndikuwauza kuti kwathu ndi ku Dedza. Wamkuluyo analemba choncho pa fomu ya kukoleji."

"Ine ndinalowa gulu la maliro la anthu a ku Ntcheu," anatero Boston. "Zaka khumi ndi zisanu. Ndine wachiwiri kwa wapampando."

Anayang'anana. Alefa anayamba kuseka, kuseka kwake n'kusanduka kwina, mpaka anadziphimba kumaso ndi nsonga ya chitenje. Vongai anatuluka panja ngati akukaona wilibala.

Patapita kanthawi Alefa anapukuta m'maso. "Enelesi. Inu munkalidziwa dzina limeneli?"

"Ayi. Ankangoti amayi, amayi. Manda awonso sanationetsepo."

"Mwina analibe mwala."

Boston anayang'ananso mizere ija pa sikirini. Sankadziwa ngati wakwiya kapena wamva chisoni, ndiponso sankadziwa chimene akanene ku gulu lija Lamlungu. Anatulutsa foni n'kuimbira Munyaradzi.

"Mwagwirizana, vakuru? Ntcheu kapena Dedza?"

"Pa mzere uja pangakwane mawu angati?"

"Ndikachepetsa zilembo, asanu kapena asanu ndi awiri. Mudzi wake ndi wautali choncho?"

Boston anayang'ana mlongo wake. "Mulembe kuti: Anabwera kumsana kwa amayi ake, Enelesi, 1947."

"Umenewo si mudzi, vakuru. Anthu akadzafunsa kuti kwawo kunali kuti?"

"Adzafunse ife."

"Asisi anu avomera? Sindikufuna mawa wina abwere kudzandigwira kolala."

Alefa anatambasula dzanja, Boston n'kumupatsa foniyo.

"Ndine Alefa. Gobani momwe anenera mukomamo. Ndipo dzina la agogolo musalichepetse ayi, likhale lalikulu ngati la bambo. Ndibwera mawa m'mawa kudzaona musanayambe."